PANGANO LA MALO LISANASAINIDWENSO, PIMANI NTHAKA NDI MADZI A PANSI PA SITESHONI YA MAFUTA

Ali yense amene ayenda pa mseu waukulu wa Great East kucokera ku Lusaka adziwa kuti akapitirira Chongwe walowa m'dziko la mapiri ndi mitengo, dziko la Amfumu a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta. Ili ndilo Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'caka ca 2013, pa nthawi ya ulamuliro wa malemu a Michael Sata. Usana ndi usiku pa mseu umenewu padutsa mabasi, malole a katundu ndiponso magalimoto akulu-akulu onyamula petulo ndi dizilo, ena olinga ku Chipata, ena ocokera ku doko la Beira.

Siteshoni ya mafuta ikamangidwa m'dera lotere anthu akondwera, ndipo ayeneradi kukondwera. Mwini cigayo apeza dizilo pafupi. Mnyamata wa njinga ya moto saopanso petulo wosakaniza wa m'zigubu. Ambulansi ya cipatala siyenda mtunda wautali kukamwetsa mafuta, ndipo ana athu ena apeza nchito. Citukuko cotere palibe wocikana.

Koma siteshoni ya mafuta iri ngati mvuu pa Luangwa: cimene muona pamwamba ndi makutu ndi mphuno cabe. Pansi pa simenti imene galimoto iimapo pakwiriridwa mathanki akulu, lina la malita 10,000, lina la malita 30,000, pamodzi ndi mapaipi opita ku mapampu. Pansi pa mathankiwo pali nthaka, ndipo pansi pa nthakayo pali madzi omwe aja amene amai atunga pa mjigo ndi pa citsime m'mawa uli wonse. Nkhani ino siiloza cala siteshoni iri yonse ya mu Rufunsa. Ifuna kuti eni malo, mafumu, a nyakwawa ndi makhansala adziwe cinthu cimodzi coyenera kucitika pamene pangano lobwereka malo a siteshoni latsala pang'ono kutha, dzanja la munthu lisanagwire colembera kulisainanso.

DONTHO LIMODZI PA SEKONDI

Thanki ya citsulo yokwiriridwa m'dothi la cinyezi icita dzimbiri monga khasu loiwalika m'munda. Dzimbiri likadya, paboola kabowo kocepa ngati ka singano. Nthawi zina thanki iri bwino, koma polumikizira mapaipi ndipo pakha. Nthawi zinanso mafuta atayika pamene lole itsanulira m'thanki, nalowa m'ming'alu ya simenti.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Madontho 20 apanga ngati mililita imodzi. Kabowo kamene kataya dontho limodzi pa sekondi kataya malita opitirira 4 pa tsiku. Pa siteshoni yogulitsa malita zikwi-zikwi, malita 4 saoneka m'buku, pakuti mafuta amafufuma kukatentha ndi kubwerera kukazizira, ndipo wowerengera ayesa ndi cimeneco. Koma pakutha pa caka dontho lija lakwana malita 1,500, ndiko kuti madilamu 7 a malita 210 ndi kucepera kwake. Pa zaka khumi ndi madilamu opitirira 70, onse m'nthaka, popanda munthu woona ngakhale supuni imodzi. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Mafuta akatuluka m'thanki atsika pang'ono-pang'ono. M'dongo acedwa, mu mcenga athamanga. Akafika pa madzi a pansi sasungunuka onse, ayandama pamwamba monga mafuta ophikira acitira mu mphika wa ndiwo. Madzi a pansi nawonso saima malo amodzi. Ayenda mwakacete-cete kutsata kutsetsereka kwa dziko, kulinga ku dambo kapena ku mtsinje, ndipo mafuta ayenda nawo. Dizilo ndi wolemera, akonda kumamatira ku dothi ndi kukhalitsa pomwepo. Petulo ndi wopepuka, ndipo zina za m'kati mwake zisungunuka m'madzi ndi kupita patali.

Kuno ku Rufunsa madzi ambiri a pansi akhala m'ming'alu ya matanthwe. Amene anafikako ku akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu anaona umboni wake ndi maso: madzi aja atuluka otentha cifukwa anatsika pansi kwambiri m'ming'alu ya miyala, nabwereranso kumwamba m'ming'alu yina. Njira zotere palibe angazione ataima pamwamba. Cifukwa cake nkotheka kuti citsime ca pafupi ndi siteshoni cikhale cabwino, pamene mjigo wa patsidya, umene unakumbidwa pa mng'alu womwewo wodutsa pansi pa thanki, ndiwo walandira mafuta.

Coopsa koposa m'petulo ndi mankhwala ochedwa benzene. Madokotala anatsimikiza kale-kale kuti benzene ayambitsa khansa ya m'magazi kwa munthu amene amumwa kapena kumupuma nthawi yaitali. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linaika muyeso wakuti m'lita imodzi ya madzi akumwa benzene asapitirire mamiligalamu 0.01. Kucepa kwa muyeso umenewu nkobvuta kukuganizira. Titati petulo ali ndi gawo limodzi lokha la benzene mwa magawo 100, lita imodzi ya petuloyo iri ndi benzene wokwanira kuononga malita a madzi oyandikira miliyoni imodzi. Ndipo benzene akhoza kupitirira muyeso umenewu m'madzi ooneka oyera mbee, lilime ndi mphuno osamva kanthu.

Masiteshoni akale ali ndi cinanso. Petulo wa masiku aja anali kuthiridwa mtovu. Maiko a mu Africa a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti aleke petulo wotere pofika kumapeto kwa 2005, ndipo dziko lotsiriza pa dziko lonse, la Algeria, linamuleka mu 2021. Petuloyo anatha, koma mtovu umene unalowa m'dothi suola. Abale athu a ku Kabwe adziwa bwino zimenezi: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a m'makomboni oyandikana nawo apezekabe ndi mtovu m'magazi.

ZIMENE ZINAONEKA KWINA

Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Dziko lonse linadziwa m'masiku ocepa cifukwa ngoziyo inaoneka ndi maso. Kukha kwa thanki ya pansi kulibe nsomba yoyandama imene ingakucenjezeni.

Ku Nigeria, m'dera la Ogoni, akatswiri a bungwe la United Nations loona za cilengedwe anafufuza nthaka ndi madzi, naturutsa lipoti lao mu 2011. Pa mudzi wa Nisisioken Ogale, pafupi ndi paipi ya mafuta, anapeza anthu akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wopitirira muyeso wa World Health Organization nthawi zoposa 900. Pamwamba pa madzi a pansi panali kuyandama mafuta ocindikala masentimita 8. Akatswiriwo anati kuyeretsa dera lonselo kungatenge zaka 25 kapena 30. Mwana wobadwa caka cimeneco angadzakwatire nchito isanathe.

Wina angati ku Ogoni ndi ku migodi ya mafuta, si ku siteshoni. Tiyeni tipite ku America. Kumeneko Boma linayamba kulamulira mathanki a pansi mu 1984, ndipo mu 1988 linalamula kuti mathanki onse akale akonzedwe, asinthidwe kapena atsekedwe m'kati mwa zaka khumi. Kuyambira pamenepo malo oposa 500,000 anapezeka kuti mathanki ake anali kukha, ambiri a iwo masiteshoni wamba a m'mbali mwa mseu. Ngati citsulo cicita dzimbiri m'dziko lolemera cotero, sicidzatimvera cisoni ife.

PANGANO LA MALO

Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, woisungira anthu onse. Munthu sagula nthaka kwamuyaya. Apatsidwa lisi, ndiko kuti pangano lobwereka, losapitirira zaka 99. Pa malo amene sanapimidwe ndi asaveya, a Komishonala wa Malo kawiri-kawiri apereka lisi ya zaka 14. Kuti malo a mfumu asanduke a lisi pafunika cibvomerezo ca mfumuyo ndi ca khonsolo. Apa Amfumu ndi nduna zao acenjere, pakuti malo akangolembedwa m'kaundula wa Boma, lamulolo silichula njira yowabwezera ku ufumu. Mau a mfumu alemera kwambiri pa ciyambi.

Lamulo lomwelo linena kuti lisi ikatha ipatsidwanso kwa mwini wake ngati iye anasunga mapangano onse a m'lisiyo. Cotero kutha kwa lisi ndi nthawi ya kufunsa ngati munthu anasamala malo amene anabwerekedwa.

Koma pangano limene likhudza anthu ambiri ndi laciwiri. Munthu wa kuno kwathu, kapena banja, kapena mpingo, kapena kopaletivu, ali ndi cikalata ca malo a m'mbali mwa mseu. Kampani ya mafuta kapena wamalonda abwera napempha malowo kwa zaka khumi kapena makumi awiri, namanga siteshoni, nalipira lendi. Zaka zikatha abwera ndi pepala latsopano ndi lendi yokwerako. Mwini malo aona nambala ya ndalama, mtima nukhala pansi, nasaina tsiku lomwelo. Za pansi pa nthaka palibe wofunsa.

Mlendo ndi mame. Kampani ikhoza kugulitsidwa, kusintha dzina, kugwa, kapena kusamuka mseu ukapatuka. Wotsala ndi nthaka ndi mwini cikalata pamodzi ndi ana ake. Tsiku limene mafuta adzatulukira m'mjigo wa sukulu, anthu sadzapita ku Lusaka kukafuna kampani imene inacoka zaka zisanu zapitazo. Adzagogoda pa khomo la mwini malo. Ndipo ngati pa malopo panadutsa amalonda awiri kapena atatu, ali yense adzati anaononga ndi mnzanga uja, popeza palibe pepala losonyeza mmene nthaka inaliri pamene wina anali kutuluka ndi wina kulowa.

Pa tsiku losainanso pangano zinthu ziri mwina. Wamalonda afuna malowo, anamangapo nyumba, ali ndi makasitomala, safuna kucoka. Imeneyi ndiyo nthawi imene mau a mwini malo amveka msanga. Akanena kuti tiyambe tapima nthaka ndi madzi, wamalonda woona mtima sakana, pakuti kupimako kumchinjiriza iyenso ku milandu ya anthu amene analipo iye asanabwere.

KAPIMIDWE KAKE

Nchito imeneyi ndi ya akatswiri a za nthaka ndi madzi, koma mwini malo ndi a nyakwawa ayenera kuidziwa ndithu, kuti asanamizidwe ndi munthu wobwera ndi galimoto yabwino, wozungulira siteshoni mphindi makumi atatu nalemba kuti zonse ziri bwino.

Katswiri weni-weni ayamba ndi mafunso, fosholo isanakhudze pansi. Mathanki ndi angati, anakwiriridwa caka citi, ndi a citsulo ca khungu limodzi kapena ndi amakono a makungu awiri? Kodi pali thanki yakale imene inasiyidwa pansi osafukulidwa? Oilo wakuda wocotsa m'mainjini anali kutayidwa kuti? Pa mafunso otere nkhalamba za pamudzi ndi anyamata amene anagwirapo nchito adziwa zambiri kuposa mafaelo a mu ofesi, ndipo katswiri amene sakhala nawo pansi wataya mboni zake zabwino. Ayeneranso kuyenda ndi miyendo kuwerenga zitsime, mijigo, madambo ndi timitsinje tonse ta pafupi, ndi kuzilemba pa mapu.

Kenaka aona mabuku a mafuta. Pa siteshoni yoyendetsedwa bwino, tsiku liri lonse amiza ndodo yopimira m'thanki ndi kuyerekeza mafuta otsala ndi amene analowa ndi amene anagulitsidwa. Kusiyana kwa tsiku limodzi sikunena kanthu. Koma ngati mwezi ndi mwezi buku lionetsa kupelewera kokha-kokha, mafutawo ali kupita kwina. Ku nsonga ya ndodo apakanso mankhwala osintha mtundu akakhudza madzi. Madzi akamaculuka pansi pa thanki, cingakhale cizindikiro cakuti pali bowo, pakuti polowera madzi ndi potulukiranso mafuta. Pambuyo pake thanki ndi mapaipi ake zitsekedwa ndi kuyesedwa ndi makina kuti aone ngati zisunga mphamvu ya mpweya kapena zipumira kwina.

Thanki ikapambana mayeso amenewa, musati nkhani yatha. Mayesowo anena za lero. Sanena za paipi imene inakha zaka zitatu isanasinthidwe. Za dzulo zisungidwa ndi dothi, cotero dothilo liyenera kuboolewa.

Aboola maenje ang'ono-ang'ono ozungulira mathanki, potsanulira lole, pansi pa mapampu, motsata mapaipi, ndi pa dzenje lolandira madzi otsuka pabwalo. Enjelo liyenera kutsika kupitirira pansi pa thanki. Kupala dothi la pamwamba ndi kudzinamiza, pakuti mafuta a m'thanki sakwera, atsika. Pa mita iri yonse katswiri aona mtundu wa dothi, alinunkhiza, naliyesa ndi kamakina kogwira m'manja kamene kamva mpweya wa petulo. Dothi lokayikitsa aliika m'mabotolo a galasi otsekedwa zolimba.

Maenje ena atsitsidwa mpaka pa madzi, naikidwamo paipi yoboola-boola, nasanduka tizitsime toyang'anira. Tizitsime timeneti tisacepere patatu. Ndi tiwiri tokha munthu sangadziwe kumene madzi a pansi alowera, monga mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Kamodzi kakhale kumtunda kwa siteshoni, kuti kaonetse madzi asanafike pa mathanki. Tina tikhale kumunsi, kumbali ya mjigo kapena dambo. Ngati onse akumbidwa kumtunda, lipoti lidzatuluka loyera ngakhale pansi pali dziwe la dizilo. A nyakwawa amene adziwa kumene madzi a mvula athamangira akhoza kufunsa funso limeneli popanda kudziwa Cingelezi.

Madzi otengedwa m'tizitsime, pamodzi ndi a m'mijigo ya anthu oyandikana, athiridwa m'timabotolo todzaza mpaka pakamwa, osasiya mpweya, cifukwa benzene athawira mu mpweya. Timabotoloto tiikidwa m'bokosi la aisi ndi kutumizidwa ku labotale msanga, tiri ndi pepala losonyeza amene anatenga, tsiku, ora ndi malo. Botolo limene lagona masiku pa mpando wa galimoto pa dzuwa la Okutobala lidzafika ku Lusaka lopanda mlandu. Ku labotale apime mafuta onse a m'dothi ndi m'madzi, apime benzene ndi anzake payekha, ndipo pa siteshoni yakale apimenso mtovu.

Cotsiriza ndi nyengo. M'dzinja madzi a pansi akwera, m'cilimwe atsika, ndipo mafuta akwera ndi kutsika nawo, napaka dothi lonse la pakati. Kupima kwa mwezi umodzi kukhoza kuphonya zimene kupima kwa mwezi wina kukadapeza. Cabwino ndi kupima kawiri, kumapeto kwa mvula ndi kumapeto kwa cilimwe.

WOLIPIRA NDANI, WOSANKHA NDANI

Nchito yotere idya ndalama zambiri, ndipo mwini malo wa kumudzi sangaikwanitse. Sayeneranso kutero. Lamulo la za cilengedwe la 2011 liima pa mfundo yakuti woononga ndiye alipira. Amene apindula ndi mathanki ndiye alipire kupima kwake, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano.

Pali msampha pamenepa. Galu alondola womponyera fupa. Ngati wamalonda yekha asankha katswiri, namlipira, nalandira lipoti m'cipinda cake, mwini malo adzangouzidwa pakamwa kuti zatuluka bwino. Cotero katswiri asankhidwe mogwirizana, akhale wosadya nawo m'kampaniyo, ndipo lipoti lituluke makope awiri tsiku limodzi, lina kwa wamalonda, lina kwa mwini malo, pamodzi ndi mapepala eni-eni a ku labotale. Ine ndiona kuti ngati mjigo wa anthu unapimidwa nawo, zotsatira zake ziyenera kuwerengedwa pa msonkhano wa mudzi m'cinenero cimene anthu amva, Cisoli kapena Cinyanja, pali a Khansala ndi wa zaumoyo wa pa kiliniki. Madziwo amwa ndi iwo.

Lipotilo lisungidwe pamodzi ndi cikalata ca malo, mosafika ciswe. Ngakhale litanena kuti nthaka iri bwino, ndi la mtengo wapatali, pakuti ndilo lidzakhala poyambira pamene pangano latsopanoli lidzathanso. Ciri conse codzapezeka pamwamba pa manambala a lero cidzakhala ndi mwini wake wodziwika.

MAFUTA AKAPEZEKA

Mtima ukapsa, munthu afuna kungothamangitsa wamalonda. Ganizani kawiri. Wocotsedwa mwa mkangano anyamula mapampu ndi denga, nakusiyirani thanki yoboola ndi dothi lonunkha. Nthawi zambiri canzeru ndi kusaina pangano lalifupi lokhala ndi mfundo zolimba: thanki yoboola ifukulidwe, paikidwe ya makungu awiri yokhala ndi cocenjeza ikayamba kukha, anthu amene madzi ao aonongeka apatsidwe madzi ena abwino kuyambira tsiku lomwelo, kuyeretsa kukhale ndi masiku ake olembedwa, tizitsime tija tisafoceredwe, tizipimidwa caka ndi caka, ndipo pakhale ndalama ya cikole ku banki yosatengeka kufikira nchito itatha. Pepala lotere musalisaine popanda loya kapena munthu wodziwa malamulo amene ali ku mbali yanu.

Kuyeretsako kuli njira zingapo. Dothi loipitsitsa lifukulidwa ndi kuyalidwa pa malo ochingidwa pansi, nalitembenuza-tembenuza ndi manyowa kuti tizilombo ta m'dothi tidye mafutawo. Mafuta oyandama apopedwa. Mpweya wa petulo ukokedwa m'nthaka ndi makina. Zonsezi zitenga miyezi, kawiri-kawiri zaka, ndipo madzi a m'ming'alu ya matanthwe ndiwo obvuta koposa kuwayeretsa.

Boma liri ndi maofesi atatu okhudzidwa. Zambia Environmental Management Agency, imene ambiri aidziwa kuti ZEMA, inalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia mu 2011. Ndiyo ibvomereza malo siteshoni isanamangidwe, ndipo iri ndi mphamvu yolamula woononga kuti akonze pamene waononga. Energy Regulation Board, kapena ERB, ndiyo ipereka laisensi yogulitsira mafuta ndi kuyendera masiteshoni. Water Resources Management Authority, kapena WARMA, iyang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi, ndipo kuyambira mu 2018 mijigo iyenera kulembetsedwa kumeneko. Mjigo wolembetsedwa uli ndi mboni pa tsiku la mlandu. Munthu wa kumudzi amene sangafike ku Lusaka ayambire kwa a nyakwawa, kwa a Khansala ndi kwa wa zaumoyo wa khonsolo, ndipo dandaulo likhale lolembedwa, la deti, kope limodzi litsale kunyumba.

Musadikire kutha kwa pangano ngati madzi ayamba kununkha petulo kapena palafini, kapena ngati pamwamba pa ndowa paoneka mitundu ya utawaleza. M'madambo mwathu nthawi zina muoneka kakhungu konyezimira kocokera ku dzimbiri la m'nthaka, kosaopsa. Kasiyanitseni ndi kamtengo: ka dzimbiri kasweka tizidutswa-tizidutswa ngati galasi, ka mafuta kazungulira ndi kulumikizananso. Mukakayika, lekani kumwa madziwo, kuphikira ndi kusambitsira ana. Klorini amene tithira m'zigubu pa nthawi ya kolera apha tizilombo, koma sacotsa mafuta. Kuwiritsa nakonso sikungadaliridwe, kungodzaza nyumba ndi mpweya woipa. Ndipo munthu asatsikire m'citsime conunkha petulo kapena kuyatsa macisi pakamwa pake kuti aone m'kati. Mpweya umenewo ukomola, ndiponso uphulika.

Tisaiwalenso kuti si siteshoni yokha imene iononga. Ogulitsa mafuta m'zigubu mosalolezedwa, amakanika otaya oilo wakuda kuseri kwa galaji, eni zigayo osunga dilamu la dizilo pa dothi pafupi ndi citsime, onsewa athira m'mphika umodzi womwewo. Lole ya mafuta ikagwa pa mapiri a Manenekela, othamanga ndi ndowa aika moyo wao pa moto, ndipo mafuta otsala pansi afunika kudziwitsidwa kwa ZEMA cimodzi-modzi.

Inu amene muli ndi siteshoni pa malo anu, kapena amene mukhala m'komiti ya mpingo kapena ya kopaletivu imene inabwereketsa malo, tulutsani pepala lija lero muone tsiku limene pangano litha. Popeza kupima kufuna dzinja ndi cilimwe, ndipo labotale ndi loya nazo zifuna nthawi yake, kalata yopempha kupima iyenera kufika kwa wamalonda patatsala caka cathunthu ndi miyezi ingapo.